Kukhalitsa kumudzi ndi pempho la unzika wa Britain: kodi masiku amawawerenga bwanji?

Nabanda (Leeds)

Ndikupereka moni kwa akuluakulu nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi funso lokhudza unzika wa dziko lino la Britain, ndipo ndikupempha amene anadutsamo kale kuti andiunikire ndisanalipire ndalama za pempholi. Ndine namwino, ndinafika kuno zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo chilolezo chokhala mpaka kalekale, chija timangoti ILR, ndinachilandira zaka zitatu zapitazo. Patangopita miyezi yochepa, mayi anga anadwala sitiroko kwathu ku Ntcheu, ndipo popeza mwana wamkazi ndinali ndekha, ndinatenga tchuthi chosalipidwa n'kupita kukawadwazika kuyambira mu Febuluwale mpaka mu Disembala, amuna anga ndi ana atatsala kuno. Ulendo umenewo unandidyera masiku 318. Usanachitike umenewo ndinali nditapitako kawiri, koyamba ku ukwati wa mlongo wanga, kuyambira pa 10 Ogasiti mpaka pa 26 Sepitembala zaka zisanu zapitazo, omwe ndi masiku 46, ndipo kachiwiri nthawi ya Isitala chaka chotsatiracho, masiku 38. Chaka chatha mayi anatisiya, ndipo ndinakhala kumudzi kuyambira pa 5 Julaye mpaka pa 14 Sepitembala, masiku 70, kenaka mu Disembala ndinabwereranso kukalongosola za munda ndi nyumba, masiku 42. Onse pamodzi akukwana 514. Kodi nditapereka pempho mwezi uno wa Juni, angandilandire?

Malume wa ku Leicester

Pepani ndi zovuta zimene munakumana nazo, Anabanda. Monga ndikudziwira ine, munthu amene ali ndi ILR amataya chilolezocho pokhapokha akakhala kunja zaka ziwiri zathunthu osabwerako. Inu simunakwanitse ngakhale chaka chimodzi pa ulendo umodzi, choncho sindikuonapo chokuletsani. Perekani pempholo.

Bambo a Mphatso (Nottingham)

Malume, zimene mwanenazo n'zoona, koma zikuyankha funso lina, ndipo pamenepa ndi pamene anthu ambiri a kwathu amasokonezera. Malamulo alipo awiri osiyana. Loyamba likunena za kusunga ILR, ndipo limenelo likuti chilolezocho chimatha mphamvu munthu akakhala kunja kopitirira zaka ziwiri motsatizana. Amene zamuchitikira zotere ayenera kupempha Returning Resident visa asanakwere ndege yobwerera. Lachiwiri likunena za unzika, ndipo likuchokera mu British Nationality Act ya 1981. Limenelo siliyang'ana kutalika kwa ulendo umodzi ayi, limaphatikiza masiku onse amene munthu anali kunja, kaya anali kumaliro ku Ntcheu kaya anangopita ku Dublin kumapeto kwa sabata.

Kwa munthu amene sali pa banja ndi nzika ya Britain, zofunika pa nkhani ya masiku n'zakuti asakhale kunja kopitirira masiku 450 m'zaka zisanu zothera pa tsiku limene Home Office, unduna wa boma la Britain woona za anthu obwera m'dziko, yalandira pempho lake, asapitirirenso masiku 90 m'miyezi 12 yomaliza, akhale kuti wakhala ndi ILR kwa miyezi 12, ndipo akhale kuti anali muno m'dziko pa tsiku loyambirira la zaka zisanuzo. Anabanda ali pa 514 m'malo mwa 450, ndipo m'chaka chomalizachi ali pa 112 m'malo mwa 90. ILR yawo ili bwinobwino, koma pa unzika adumpha malire onse awiri.

Malume wa ku Leicester

Ndamva, ndipo ndathokoza pondiwongolera. Komabe ndikudziwa anthu amene anadumpha 450 n'kupatsidwa unzika popanda vuto, ndiye kodi malirewo ndi olimbadi motero?

Nangozo (Glasgow)

Anthu amenewo alipodi, Malume, chifukwa lamulolo linapatsa Home Office mphamvu yokhululuka masiku opitirira, ndipo pali malangizo olembedwa amene ogwira ntchito kumeneko amatsatira pogamula. Ndinawawerenga mofatsa pamene ndinkakonza pempho langa. Munthu akapitirira pang'ono, mpaka masiku 480, kawirikawiri amangonyalanyaza bola zina zonse zili m'malo. Kupitirira pamenepo mpaka masiku 900, amayamba afuna kuona ngati nyumba ya munthuyo, ntchito yake, banja lake ndi gawo lalikulu la chuma chake zili kuno, ndipo pamwamba pa izo amafuna chifukwa china chomveka. Chifukwa chimodzi chimene amalandira n'chakuti munthuyo anakhala muno zaka ziwiri osachokachoka zaka zisanuzo zisanayambe, kapena zaka zitatu ngati masiku ake adutsa 730. Zifukwa zina ndi monga ntchito ya boma la Britain imene inamutumiza kunja, ntchito imene mwachikhalire chake imayendetsa munthu ngati ya m'sitima zapamadzi, kapena vuto lalikulu lam'banja limene silikanapewedwa.

Pa chaka chomaliza malangizowo ndi othina kwambiri. Mpaka masiku 100 amakhululuka mosavuta. Pakati pa 100 ndi 180 amayamba ayang'ana ngati munthuyo wakwaniritsa lamulo la masiku 450, ndipo ngati sanalikwaniritse, monga zilili kwa Anabanda, amafuna umboni wamphamvu wa zonse ziwiri, wakuti moyo wake unakhazikika kuno ndiponso wakuti chimene chinamutengera kunja chinali chokakamiza.

Kwa ine, achemwali, nkhani yanu ndi yomveka. Munakhala kuno zaka zitatu zaka zisanuzo zisanayambe, amuna anu ndi ana sanasunthe, ntchito munabwererapo, ndipo kudwazika kholo si kukasangalala kunyanja. Ndikanakhala ine ndikanalemba kalata yofotokoza zonsezi n'kupereka pempho tsopano.

Bambo a Mphatso (Nottingham)

Pa malangizowo ndikugwirizana nanu kwathunthu, Anangozo, koma pa uphunguwo ndikusiyana nanu. Chikhululukiro chimadalira maganizo a munthu amene wagwira fayilo yanu tsiku limenelo, ndipo ndalama za pempholi, zomwe zimapitirira mapaundi 1,500, sizibwezedwa akakukanani, kupatula kagawo kochepa ka mwambo wolumbira. Palibe chifukwa chopemphera chifundo pa malire awiri nthawi imodzi pamene kalendala ingathe kukukonzerani zinthu m'miyezi inayi yokha.

Zaka zisanuzo siziima malo amodzi, zimasuntha limodzi ndi tsiku limene mwapereka pempho. Mukadikira mpaka mu Okutobala, ulendo wa ukwati wa mlongo wanu udzakhala utatuluka m'chiwerengero, ndipo 514 idzatsika kufika pa 468, yomwe ili mkati mwa 480 ija imene amanyalanyaza. Pa nthawi yomweyo ulendo wa maliro, umene unatha pa 14 Sepitembala, udzakhala utatuluka m'miyezi 12 yomaliza, ndipo kumeneko mudzatsala ndi masiku 42 okha.

Pali msampha wina umene ndikufuna muuone bwino. Musayerekeze kupereka pempho pakati pa 11 Ogasiti ndi 25 Sepitembala, chifukwa mukabwerera m'mbuyo zaka zisanu kuchokera pa masiku amenewo, mudzapezeka kuti munali ku Malawi mukuvina ukwati. Kale lamulo lakuti munthu akhale muno pa tsiku loyambirira linalibe chikhululukiro kwa anthu wamba. Nationality and Borders Act ya 2022 inabweretsa mwayi woti angathe kulinyalanyaza pa zifukwa zapadera, koma kusankha tsiku molakwika chifukwa chosatsegula chiphaso si chifukwa chapadera, ndipo n'zopeweka ndi pensulo ndi pepala.

Nabanda (Leeds)

Zikomo kwambiri, Bambo a Mphatso ndi Anangozo, maso anga atseguka. Za tsiku loyambiriralo sindinkazidziwa n'komwe. Koma pali china chimene sindinatchule poyamba. Abale anagwirizana kuti mu Ogasiti muno timange chiliza cha mayi, amalume analengeza kale tsiku kumpingo, simenti inagulidwa, ndipo ine monga mwana wamkazi sindingasowe. Ndinkaganiza zokakhala masabata atatu. Kodi zimenezi sizisokoneza chiwerengero chimene mwandipatsachi?

Bambo a Mphatso (Nottingham)

Zisokonezadi. Pakati pa 468 ndi 480 muli masiku 12 okha. Masabata atatu adzakufikitsani pafupi ndi 490, ndipo mudzabwerera m'gulu lija lofunika kupereka zifukwa zamphamvu. Njira zimene ndikuona ndi ziwiri. Mungathe kufupikitsa ulendowo kuti usadutse masiku 10 n'kudzapereka pempho mu Okutobala. Mungathenso kukakhala masabata awiri mwamtendere n'kudikira mpaka Juni wa chaka chamawa, pamene ulendo wa Isitala wa masiku 38 udzakhale utatulukanso. Pamenepo mudzakhala pansi pa 450 ndipo simudzafunikira chikhululukiro cha wina aliyense, bola musadzayendenso ulendo wina wautali pakati apa.

Mayi a Tadala (Luton)

Ndikufuna kuwonjezerapo za kawerengedwe ka masikuwo, chifukwa apa anthu amadzilanga okha popanda chifukwa. Amawerenga masiku athunthu okha amene munthu anali kunja. Tsiku lonyamuka ku Heathrow kapena ku Manchester siliwerengedwa, ndipo tsiku lofika kunonso siliwerengedwa. Ndaona pa masiku amene Anabanda atchula kuti anawerenga molondola, koma ena amene akuwerenga pano asamale ndi maulendo athu odzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Munthu amanyamuka pa bwalo la Kamuzu kapena pa Chileka masana, chidindo cha a Immigration n'kulemba tsiku limenelo, koma ndege n'kudzatera kuno m'mawa wa tsiku lotsatira. Tsiku lobwerera ndi lija mwatera kuno, osati la pa chidindo cha ku Lilongwe. Tsiku limodzi pa ulendo uliwonse limaoneka laling'ono, koma kwa munthu amene ali ndi masiku 12 okha otsala, n'lofunika kulisamala.

Ine ndinayala ziphaso zonse ziwiri patebulo, chakale chodulidwa pakona ndi chatsopano, n'kumafananiza zidindo ndi matikiti amene anali mu imelo. Zidindo zina zinali zitafufutika moti tsiku silinkaoneka, ndipo dziko lino silidinda munthu akamatuluka. Amene akukayika angathe kupempha Home Office kuti iwatumizire zimene inasunga zokhudza maulendo awo, kudzera m'njira yotchedwa Subject Access Request, ndipo pempho limeneli salipiritsa. Zimene amatumizazo nthawi zina zimakhala zoperewera, choncho n'zothandiza pofananiza chabe, osati kuzidalira zokha.

Malume wa ku Leicester

Nanga amuna awo atayamba iwo kutenga unzika, popeza sanayende kwambiri, kodi Anabanda sangadzere njira ya zaka zitatu ya okwatiwa ndi nzika? Ndinamva kuti imeneyo ndi yachidule.

Nangozo (Glasgow)

Ndi yachiduledi kwa anthu ambiri, Malume, chifukwa sifuna kudikira miyezi 12 munthu atalandira ILR, koma malire ake ndi masiku 270 m'zaka zitatu, ndipo amene amanyalanyaza mosavuta amalekezera pa 300. Ulendo wodwazika mayi uja wokha uli ndi masiku 318 ndipo uli mkati mwa zaka zitatu zapitazi, ndiye mukaphatikiza ndi 70 ndi 42 mukupeza 430. Njira imeneyo ingawaike patali kuposa pamene ali. Kuti amuna awo apereke pempho lawo tsopano n'kwabwino pakokha, makamaka chifukwa cha ana, koma sikuchotsa tsiku ngakhale limodzi pa chiwerengero cha achemwaliwa.

Ndibwererenso kwa Bambo a Mphatso. Ndavomereza kuti Okutobala ndi wabwino kuposa Juni uno, pamenepo mwandigonjetsa. Koma zodikira mpaka chaka chamawa sindikugwirizana nazo. Malamulo a anthu obwera m'dziko lino sakhalitsa osasinthidwa; mu Meyi 2025 boma linatulutsa chikalata chofotokoza maganizo ake ofuna kutalikitsa nthawi yodikira ILR kuchoka pa zaka zisanu kufika pa khumi kwa anthu ambiri, ndipo ndalama za mapempho zimakwera kawirikawiri. Chinanso n'chakuti ife tili ndi makolo ndi abale kumudzi, ndipo palibe amene angalonjeze kuti miyezi 12 idutsa popanda foni ya pakati pa usiku. Munthu amene akudikira kuti masiku ake atsike angathe kupezeka akuwonjezera ena.

Bambo a Mphatso (Nottingham)

Mfundo ya foni ya usikuyo ndi yolemera, Anangozo, ndipo sindingaitsutse. Ndingowonjezera kuti amene asankha Okutobala asaganize kuti 480 ndi ufulu wolembedwa m'lamulo. Lamulo likunena 450, ndipo masiku 30 apamwambawo ndi chizolowezi cha m'malangizo, choncho fomuyo iperekedwe ndi kalata yachidule komanso umboni, ngakhale mwayi woti alandire uli waukulu.

Mayi a Tadala (Luton)

Pa za umboniwo, Anabanda, ulendo wa chilizawu muugwiritse ntchito. Mukafika kumudzi mufufuze buku la kuchipatala la malemu mayi, lija lolembedwa ndi madokotala tsiku ndi tsiku, lisanatayike kapena kudyedwa ndi chiswe, ndipo mujambule masamba amene akuonetsa matendawo ndi masiku ake. Ngati chikalata cha imfa simunatenge, mukachitenge kudzera ku National Registration Bureau. Kuno mupemphe kalata kwa abwana anu yotsimikiza kuti munali pa tchuthi chosalipidwa ndipo munabwerera pa ntchito yomweyo, muikepo mapepala a lendi kapena a ngongole ya nyumba, a council tax, ndi makalata a kusukulu kwa ana osonyeza kuti banja linali kuno nthawi yonseyo. Chikalata chilichonse cholembedwa m'Chichewa, monga kalata ya amfumu, chimafunika kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka.

Chimene ndingakuchenjezeni kwambiri n'chakuti musachotseko ulendo uliwonse pa fomu pofuna kuti chiwerengero chioneke bwino. Alipo anthu amene amalangiza anzawo kuti kaulendo kakafupi sangakaone. Makampani a ndege amapereka mayina a okwera ku boma, ndipo munthu akapezeka kuti anabisa dala, nkhani imachoka pa masiku n'kupita pa khalidwe, pamene kukanidwa kwake kumatsekera munthu zaka zambiri. Masiku opitirira amatha okha ndi nthawi, koma bodza la pa fomu limakhalabe m'fayilo.

Achimwene a ku Indiana

Ndimawerenga zokambiranazi ndili kuno ku America, ndipo ndikuganiza kuti mawu aja akuti munthu asadutse miyezi isanu ndi umodzi, amene amamveka m'magulu ambiri a Amalawi, anachokera kuno. Kwa mwini green card (chilolezo chokhalitsa kuno) amene akufuna unzika, ulendo umodzi wopitirira miyezi isanu ndi umodzi umachititsa boma kuganiza kuti wadula kukhala kwake, ndipo zimakhala kwa iye kutsimikiza kuti sanadule. Ulendo wa chaka chathunthu umadula ndithu. Amafunanso kuti munthu akhale ali muno miyezi 30 mwa zaka zisanu. Ulendo wa Anabanda wa masiku 318 ukanakhala wovuta kwambiri kuno kuposa kumeneko. Ndanena izi kuti wina asatenge uphungu wa dziko lina n'kukaugwiritsa ntchito kwina.

Nabanda (Leeds)

Ndathokoza nonse. Ndili ndi mafunso ena awiri. Kodi ndikadzapereka pempholo ndidzaloledwa kuyenda ndikudikira yankho? Ndipo kodi unzika wa Malawi ndidzautaya? Nyumba ya mayi ili m'manja mwanga tsopano, ndipo m'tsogolo ndikufuna kuti ndizikakhalako nthawi yaitali.

Nangozo (Glasgow)

Kuyenda mudzaloledwa, chifukwa masiku amawerengedwa kulekezera pa tsiku limene pempho lalandiridwa, ndipo ILR yanu imagwirabe ntchito mukudikira. Muonetsetse kokha kuti mwapita kukajambulitsa zala ndi nkhope pa nthawi yake, kuti eVisa yanu (umboni wa pa intaneti wa chilolezo chanu) yalumikizidwa ndi chiphaso chimene mukuyendera, ndiponso kuti mudzakhalepo pa mwambo wolumbira, umene uyenera kuchitika mkati mwa miyezi itatu mutalandira kalata yokuitanani. Yankho kawirikawiri limabwera miyezi isanu ndi umodzi isanathe.

Pa za kudzakhala kumudzi musamale ndi kayankhidwe kanu. Njira ya zaka zisanu imafuna kuti wopempha akhale ndi cholinga choti nyumba yake yeniyeni idzakhale kuno akalandira unzika, ndipo amene akuonetsa kuti akukonzeka kusamuka posachedwa angathe kukanidwa pa chifukwa chimenecho chokha. Maganizo odzapuma kumudzi ana akadzakula ndi nkhani ina, ndipo sakutsutsana ndi zimenezi. Mukadzakhala nzika, kukhalitsa kunja sikudzakulandaninso unzikawo, ndipo kusiyana kwake ndi ILR kwagona pamenepa.

Bambo a Mphatso (Nottingham)

Za unzika wa kwathu, Britain imalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Malawi inasintha lamulo la unzika mu Disembala 2018 kuti Amalawi akuluakulu nawonso aziloledwa kutero. Pali ndondomeko yake yolembetsa ku nthambi ya Immigration, ndipo ofesi ya kazembe wa Malawi ku London ingakuuzeni mafomu ndi ndalama zimene zikufunika pakali pano.

Woyang'anira gulu

Ndikukumbutsa onse kuti amene akuyankha pano ndi anzathu ogawana zimene akudziwa, si maloya. Amene masiku ake adutsa 480, kapena amene ali ndi nkhani ina yokhudza khalidwe monga milandu kapena misonkho, akaonane ndi loya kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, bungwe lija linkatchedwa OISC, ndipo awerengenso malangizo a pa GOV.UK sabata yomwe akupereka pempho. Ndikupemphanso kuti pasapezeke woika chithunzi cha chiphaso chake pa gulu lino pofuna kuti timuwerengere zidindo.

Nabanda (Leeds)

Ndakambirana ndi amuna anga usiku wathawu, ndipo ndaimbiranso amalume ku Ntcheu. Ndinyamuka Lachinayi madzulo, chiliza ndi Loweruka la sabata yotsatira, ndipo ndidzatera kuno Lolemba m'mawa, zomwe zikupereka masiku athunthu 10 ndi chiwerengero cha 478 pofika mu Okutobala. Amalume sanakondwe kuti ndidzachoka mawa lake la mwambo, koma amvetsa nditawafotokozera. Mayeso a Life in the UK, aja oyesa ngati munthu akulidziwa dziko lino, ndinakhoza kale pa nthawi ya ILR, ndiye ndikukhulupirira kuti sindilembanso. Mayi a Tadala, ngati kalata imene munalemba yofotokoza masiku anu mukadali nayo, ndikupempha kuti munditumizire kumbali, mutafufuta mayina, kuti ndione kutalika kwake ndi mmene munayalira maulendowo.

Mayi a Tadala (Luton)

Mayesowo simulembanso, satha mphamvu. Kalatayo ndili nayo, ndi ya tsamba limodzi, ndipo ndikutumizirani ndikaweruka madzulo ano. Pogula tikiti musankhe ndege yobwerera imene ili ndi nthawi yokwanira yosinthira ku Addis Ababa, chifukwa ikakusiyani n'kukugonekani kumeneko mausiku awiri, masiku awiri amene mwatsala nawowo adzathera pomwepo.